Bedi la Masautso

1. Chenjezo la amalume

Kwa mwana wa mayi wogulitsa nsomba ku Senga Bay, Loweruka si tsiku lopuma. Anzake a Salome a mu Fomu 2 ankalitenga ngati tsiku lochapa yunifolomu ndi kulukana tsitsi, koma iye dzuwa linkamutulukira ali kale pathandala, akutembenuza usipa kuti uume mbali zonse. Tsikulo amayi ake adalawirira kumsika wa ku Khombedza ndi dengu lawo, ndipo adamusiyira nsomba zonse kuti azilondera akhwangwala.

Chapafupi, pansi pa mtengo wa mango, padakhala amalume ake, a Macdonald, akusoka ukonde. Bambowa adali a ntchito yochepa koma mawu ambiri. Akasoka pong'ambika pamodzi ankapumira ndi nkhani, ndipo nkhaniyo inkatalika kuposa ukondewo.

M'mawa umenewo Salome adawaputa yekha. Adangoti, "Ine ndikadzamaliza sukulu ndidzapita ku Lilongwe. Ndatopa nalo fungo la nsomba."

A Macdonald adaika singano pansi, nakonza kukhosi.

"Iwe Salome, tauni imene ukuitchula mopepusayo ine ndinaigonera ndi nthiti zangazi. Ndinapita ndili mnyamata, ati ndikapeza ntchito ya ulonda. Ntchito sinapezeke, ndipo mnzanga amene anandiitana anasamuka osandiuza. Ndinagona padepoti. Ndinagona m'makonde a sitolo mpaka alonda anandithira madzi. Ndinagona pansi pa mlatho, chofunda chili katoni. Kuzizira kwa ku Lilongwe mwezi wa Juni si kwa kuno ayi, kumalowa m'mafupa n'kukhazikika momwemo. Pogona nsapato umazitsamira, ukapanda kutero udzuka uli chosavala. Ukadwala palibe wokufunsa kuti wadzuka bwanji.

"Koma umvetse ichi. Njala ndinapirira, kuzizira ndinapirira. Chimene chinandiliza ndi munthu wa konkuno, amene tinkasambira limodzi tili ana. Anandipeza nditakhala padepoti, maso athu anakumana, iye n'kuyang'ana kumbali ngati waona galu wamphere. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti munthu amatha kufa akuyenda. Ndiye iwe, kaya udzakhala nesi, kaya mphunzitsi, usadzayerekeze kukana m'bale wako pamaso pa anthu. Akhale ndi litsiro, akhale wamisala, udzanene kuti ndi wako. Wamva?"

"Ndamva, amalume," adayankha Salome.

Adamvadi, chifukwa mawuwo adamukhudza pachilonda. Salome adali ndi mlongo wake wamkulu, Masautso, amene adachoka pamudzipo iye akadali kupulayimale. Masautso ankadwala khunyu, matenda akugwa aja. Tsiku lina adagwa ali pakati pa nyanja m'boti la a Samueli, mwamuna wachiwiri wa amayi awo. Asodzi adasiya zingwe kuti amugwire asagwere m'madzi, ndipo ukonde wonse udamira.

A Samueli adalalata sabata yathunthu. Asodzi nawo adati sakweranso boti limodzi ndi munthu wakugwa. Mnyamatayo adangokwera lole ya nsomba yopita ku Lilongwe, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake linkatchulidwa monong'ona.

2. Galimoto yoyera

Dzuwa litakwera, galimoto yoyera idatsika mumsewu wafumbi n'kuima pa okala ya Hajara. Mudatuluka dalaivala ndi mayi wina wovala hijabu yobiriwira. Ana onse adathamangira komweko monga mwa nthawi zonse, ndipo a Macdonald adawatsatira, poti bambowa sankalola kuti nkhani iwafike kudzera mwa wina.

Salome adatsala yekha ndi akhwangwala ake. Ali chiweramire pathandala adamva munthu akumuitana chapansipansi.

"Salome."

Adadzuka. Patsidya pa thandala padaima mnyamata wamtali wa ndevu, atavala malaya ochapa bwino. Pamkono pake padali chipsera chachikulu chamoto. Nkhopeyo idali yachilendo, koma mawuwo adali omwe aja.

"Achimwene!"

"Usafuule. Usandigwirenso. Pitiriza kutembenuza nsombazo ngati ndikukufunsa mtengo. Ndawanamiza kuti ndikukataya madzi, ndiye nthawi ndilibe."

Salome adachita monga adauzidwira.

"Tamvera, mlongo wanga. Ku Lilongwe ndinagona panja nthawi yaitali. Chipserachi ndinagwera pamoto umene tinkaotha pansi pa mlatho. Tsiku lina ndinagwa pafupi ndi msika, ndipo ndinadzidzimukira m'nyumba yosungira anthu osowa pogona. Ife timangoti kusenta. Kumeneko ndili ndi bedi langa, Salome, la matilesi ndi bulangete. Amandipatsa mankhwala m'mawa uliwonse, ndipo chaka chathachi sindinagwepo. Ndikuphunzira ukalipentala. Chitseko cha kukhitchini kwathu ndinakhoma ndine."

"Ndiye mwabwera kudzationa?"

"Ayi. Abwera kudzanditula. Ndalama za boma zachepa, ndiye mabedi ambiri akuwachotsa. Otsala ndi okhawo amene alibe m'bale aliyense padziko. Ine ndinawauza kuti abale anga anatha onse. Koma tsiku limene ananditola, mutu usanabwerere bwino, ndinatchula Senga Bay. Mayi uja sanaiwale. Wabwera kudzaona yekha."

Masautso adayang'ana cha ku okala, kenaka adafunsa, "Nyumba ya amayi ija ilipo?"

Salome adaloza ndi mlomo kumadzi. Nyanja idakwera zaka zapitazo n'kumeza nyumba zonse za m'munsi, ndipo pamalo pamene iwo adabadwira pankangooneka chitsa cha mgwalangwa, mafunde akuchimenya.

"Tinasamukira pamalo pa a Samueli," adatero.

"Ndiye waona wekha. Kuno ndikagona kuti? Akakufunsa, unene kuti sundidziwa."

"Achimwene, ndikane inu?"

"Ukandikana wandipulumutsa. Sindinakupemphepo kanthu chibadwire. Ndikupempha chimenechi."

Adatembenuka n'kubwerera kugalimoto, osacheuka.

3. Funso la Mayi Rukiya

Sipadapite nthawi, khamu lonse lidasunthira kumathandala, mayi wa hijabu uja ali patsogolo. Adapereka moni mwaulemu, nanena kuti dzina lake ndi Rukiya, wogwira ntchito kunyumba yosungira anthu osowa pokhala ku Lilongwe. Maso ake adali ofiira ndi kutopa, ndipo nsapato zake zidali zitaona midzi yambiri sabata imeneyo.

"Amayi ndi abambo," adayamba, "sindinabwere ndi mlandu. Ndabwera ndi funso, koma ndiyambe ndakuuzani chimene chandiyendetsa. Nyumba yathu imayendera ndalama za boma, zochokera m'misonkho yomwe inu mumadula pamsika. Kale zinkabwera mochedwa, koma zinkabwera. Chaka chino akuluakulu atakhala pansi kugawa ndalama anati, anthu ogona m'misewu azibwerera kwawo, chifukwa aliyense ali ndi mudzi. Atatero anatidulira gawo lalikulu. Wophika tamuchotsa. Nesi akubwera mwa apo ndi apo. Chipinda chachikulu tachitseka ndi loko, mabedi ali momwemo, pamene pakhonde pathu pakugona anthu akudikira malo.

"Wallahi, ndikulumbira, ntchito imeneyi sindikuikonda. Ndinaphunzira kutola anthu mumsewu, lero ndikuyenda ndi galimoto kuwatula. Koma lamulo ndapatsidwa ndi lakuti amene ali ndi abale apite kwa abale, bedi litsalire amene alibiretu. Mnyamata uyu ndi Masautso. Akuti kwawo kunatha anthu. Ngati ndi zoona ndibwerera naye. Ngati pali m'bale wake pano, anene."

Padangoti zii.

Musaganize kuti anthuwo sadamuzindikire. Amayi a pamathandala adamudziwa atangotsika, ena a iwo adamuberekapo kumsana ali khanda. Koma boti la a Samueli likakocheza, ndi amayi omwewo ankapikisana kuti agulitsidwe nsomba poyamba. Ndani akadafuna kukhala woyamba kubwezera bamboyo mtolo umene adautaya? Aliyense adapeza choyang'ana, wina dengu, wina zala za kumapazi. A Macdonald, eni ake a chenjezo lija, adali kalikiliki kuchotsa kaminga kosaoneka m'chikhatho.

Masautso adaima pakati pa bwalo, manja kumbuyo, maso pansi.

"Ife sitimudziwa," adatero mayi wina. "Mwina ndi wa ku Nkhotakota."

"Atopa nawo amisala awo m'tauni, ayamba kudzatitayira kuno!" adafuula mnyamata wa kabaza, ndipo anthu adaseka.

Kusekako kudamulasa Salome mumtima. Adayang'ana mlongo wake, amene ankamubereka popita kusukulu ya mkaka matope akachuluka, ataima ngati mbuzi ya pamsika imene palibe akuifunsa mtengo. Misozi idayamba kutsika yokha, ndipo ndi misoziyo imene idamuulula. Mayi Rukiya adaiona, nabwera kudzaima patsogolo pake.

"Mwanawe, ukulira chiyani? Ukumudziwa mnyamatayu?"

Masautso adadzutsa maso, napukusa mutu pang'ono, moti adaona ndi Salome yekha. Mtsikanayo adatsegula pakamwa kuti anene zimene adapemphedwa. Kumbuyo wina adasekanso. Adayang'ana amalume ake, ndipo mawu a m'mawa aja adali akadali otentha m'makutu mwake.

"Ndi achimwene anga," adatero mokweza, kuti osekawo amve. "Ndi a Masautso. Tinabadwa bere limodzi. Si amisala ayi."

Masautso adatsinzina, ndipo mapewa ake adagwa.

"Alhamdulillah," adatero Mayi Rukiya, koma mosasangalala. "Iwe ndiwe mwana. Pali wamkulu wa banja pano?"

Apa m'pamene a Macdonald adachira kaminga kaja. Adatulukira kutsogolo akukonza kolala.

"Mwini mbumba ndine, mayi. Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Maso ndi ukalambawu, ndinali ndisanamuonetsetse. Mwachita bwino kutibweretsera. Ife kuno sititaya munthu. Tamulandira ndi manja awiri."

Anthu omwe ankaseka aja adawomba m'manja. Mayi Rukiya adawaimika atatuwo pamodzi, Masautso pakati, nawajambula ndi foni kuti akulu a ntchito yake akaone kuti munthu wafika m'manja mwa abale. Pachithunzipo a Macdonald okha ndiwo adamwetulira.

Dalaivala adatsitsa kachikwama ka zovala. Mayi Rukiya adapereka mankhwala a masabata ochepa, nalembera Salome nambala ya foni pakapepala.

"Akatha awa mupite kuchipatala cha boma, inshallah mukawapeza. Asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Asayandikire moto, asakwere boti. Ndipo ndikupempheni, abale, agone m'nyumba. Ndatula anthu ambiri mwezi uno, ndipo ena ndikumawapezanso m'misewu ya ku Lilongwe ndisanachape n'komwe galimoto."

Galimoto idatembenuka, fumbi lidakwera, ndipo khamu lidabalalika mofulumira kuposa mmene lidasonkhanira.

4. Khomo ndi khomo

Nkhani idafika kwa a Samueli atatuwo asadafike. Adawapeza bambowo atakhala pakhonde, atapingasa miyendo pakhomo penipeni. Masautso adanjuta patali n'kupereka moni, koma moniwo sudayankhidwe.

"A Macdonald," adatero a Samueli, "ndamva kuti mwalandira mlendo ndi manja awiri. Mwachita bwino. Manjawo ndi anu, ndiye mupite naye kwanu. Pano pali ana aang'ono. Akagwa n'kutuluka thovu, mwana n'kuligwira, mudzandichizira ndinu? Komanso asodzi anga akangomva kuti wagona m'nyumba muno, mawa palibe akwere boti langa. Adzati ndatenga tsoka. Ukonde umodzi unapita kale chifukwa cha iyeyu, ndipo sindinamulipiritse. Ine si woipa. Mlongo wakeyu ndikumuphunzitsa ndine, amayi ake ndinawapatsa pokhala madzi atawalanda nyumba. Koma chifundo chili ndi polekezera. Boma ngati latopa naye, ine ndine ndani kuti ndipose boma?"

Zoti khunyu amapatsirana ndi bodza, ndipo Salome adaziphunzira kusukulu kuti ndi bodza. Munthu sangatenge matendawa pogwira wodwala, pomupukuta thovu, kapena podya naye mbale imodzi. Adayesa kunena zimenezo, koma adangofika pa "Ababa, aphunzitsi anati..."

"Aphunzitsi akowo ali ndi nyumba. Kamusiye kumeneko."

Amayi awo adafika masana, dengu lili pamutu. Ataona mwana wawo adaliponya pansi n'kumukumbatira, akulira mokweza moti anansi adatuluka. Adamugwira nkhope, adamugwira chipsera chija, adamufunsa ngati wadya. Salome adayamba kupuma bwino, poganiza kuti tsopano zitheka.

Amayiwo adalowa m'nyumba ndi amuna awo. Mawu adakwera, kenaka adatsika, kenaka kudangotsala mawu a munthu mmodzi. Potuluka, maso awo adali otupa.

"Mwana wanga, pano ndili pachitengwa," adatero. "Malo si anga, nyumba si yanga. Pakanakhala paja pa amayi anga, ndikanakuyalira mphasa wina afune asafune. Koma paja pali madzi. Ndikaumirira atithamangitsa tonse, ndi ana aang'onowa. Ndipite nawo kuti?"

Masautso adangoti, "Ndamva, amayi. Musalire."

Onse adatembenukira kwa a Macdonald. Bambo wa mawu ambiri uja adayamba kukanda m'mutu.

"Nkhani yake ndi yovutirapo," adatero. "Mukudziwa kuti ine kuja ndili pachikamwini. Mudzi ndi wa akazi anga. Nkhuku yomwe sindingaphe osapempha. Ndiye ndikafike ndi munthu wamkulu, wodwalanso, ndikati agona pano? Alamu anga akandiyesa chiyani?"

Salome sadayambe wayankhapo amalume ake mwamwano, koma tsikulo ulemu udamuthera.

"Amalume, si inu munandiuza m'mawa womwe uno kuti ndisadzakane m'bale wanga? Si inu mwauza mayi aja kuti mwamulandira?"

"Ndinati usamukane," adayankha a Macdonald, akuyang'ana kumbali. "Sindinati ndili ndi pomugoneka."

Adatola ukonde wawo napita. Amayi adalowa kukapatsa ana chakudya. Panja padatsala awiri, ndi kachikwama kali pakati pawo.

"Achimwene, pepani," adatero Salome. "Amakusekani. Sindikanatha."

Masautso sadakalipe, ndipo kusakalipako kudamupweteka Salome kuposa mbama.

"Kusekedwa ndinakuzolowera, mlongo wanga. Munthu amasekedwa n'kukagona. Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha."

Adanyamula kachikwama kake n'kulowera kumathandala.

5. Lole ya Lamulungu

M'mawa wa Lamulungu kudacha ndi mwera. Salome adatuluka anthu asadadzuke, atabisa mbatata yootcha munsalu. Adamupeza mlongo wake pansi pa thandala la amayi awo, atadzipinda pamchenga, atafunda thumba lonunkha nsomba. Nsapato adali atazitsamira. Thupi lonse linkanjenjemera ndi mphepo.

Mtsikanayo adaika mbatata pambali pake, nathamangira ku okala.

"A Hajara, ndibwerekeni foni. Chonde, ndi za moyo wa munthu."

Hajara adamuyang'ana nkhope, nampatsa osafunsa zambiri. Salome adazungulira kuseri kwa okala n'kuimba nambala ya pakapepala ija. Idaitana nthawi yaitali.

"Halo? Ndani?"

"Ndine Salome wa ku Senga Bay, kumene munasiya a Masautso dzulo. Mayi, ndinakunamizani. Munthu uja sindimudziwa. Si m'bale wanga. Ndinangomumvera chisoni poti anthu amamuseka. A Macdonald aja nawonso si amalume ake, amangokonda kujambulidwa. Sitimudziwa tonse. Bwerani mudzamutenge."

Mayi Rukiya adausa moyo.

"Agona panja eti?"

Salome adayamba kubwereza bodza lija, koma mayiyo adamudula.

"Mwanawe, usadzivute ndi kunama. Nkhope zanu ndi imodzi, ndinaona ndisanakufunse n'komwe. Ukanakana dzulo, ine ndikanatseka maso n'kubwerera naye, chifukwa palibe akanandifunsa. Koma unavomera pagulu, wamkulu anavomera, ndipo chithunzi ndinatumiza nthawi yomweyo. Pofika ife ku Lilongwe, bedi lake anali atapereka kale kwa bambo wina wosaona amene wakhala akugona pakhonde pathu chiyambire mvula. Ndikamudzutse bamboyo ndimuuze chiyani?"

"Nanga chipinda chotseka chija? Munati muli mabedi."

"Mabedi alimo. Chakudya cha ogonapo ndiye palibe, mankhwala palibe. Ndakhala ndikulemba makalata, ndapita kumaofesi mpaka alonda akundidziwa dzina. Amandiuza kuti tidikire chaka cha mawa. Sunalakwe kukonda m'bale wako, mwanawe. Analakwa ndi ife akuluakulu, amene tafika poti mwana azisankha pakati pa kunena zoona ndi pogona pa mlongo wake. Koma kulakwa kwathuko sikukubwezera bedi. Pepa."

"Sindimudziwa!" adalira Salome. "Ndikulumbira, mayi, sindimudziwa! Sindinamuonepo chibadwire!"

Foni idali itaduka kale.

Potembenuka adapeza Masautso ataima pakona pa okala, kachikwama kali paphewa, mchenga uli m'tsitsi. Adali atamva zonse.

"Wanena bwino," adatero. "Ukanatero dzulo."

"Achimwene, tiyeni tikapemphe kutchalitchi. Kapena kwa aphunzitsi. Kapena ndikagwadirenso a Samueli."

"Kuti ndigone usiku umodzi, mawa n'kuyambanso kupempha? Kuno aliyense akundidziwa, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chabwino. Ku Lilongwe ndikudziwa khonde limene mlonda wake samenya. Ndikudziwa kumene amataya makatoni ouma. Pansi pa mlatho palibe amafunsa ngati uli ndi abale."

"Mukakagwa kumeneko adzakugwirani ndani?"

Masautso adamugwira paphewa kamodzi, monga ankachitira kale pomusiya pageti la sukulu, n'kulunjika kumsewu.

Kumeneko kudaima lole ya nsomba imene inkanyamuka Lamulungu lililonse kuti ikapeze msika wa Lolemba ku Lilongwe. Matumba a usipa adali atasanjidwa mpaka pamwamba, ndipo amayi a geni adali atakhala kale pamatumbapo, atadzikulunga zitenje kumutu. Masautso adalankhula ndi wothandizira dalaivala, nalonjeza kuti akatsitsa katundu yense akafika. Adakwera n'kukakhala kutsogolo, atafulatira mudzi.

Belu la kutchalitchi lidayamba kulira. Salome adaona amayi ake patali atavala zoyera, akukoka ana aang'ono aja, akumuyang'anayang'ana kuti awanyamulire Baibulo. Lole idalira, utsi wakuda udatuluka.

"Otsala atsale!" adafuula wothandizira uja, akumenya chitsulo.

Salome adaika foni pawindo la okala. Sadatsanzike Hajara. Adathamanga lole itayamba kale kuyenda, nagwira chingwe chomangira matumba, phazi lili lendelende. Mayi wina wa geni adamukoka ndi dzanja, poganiza kuti mwanayo watumidwa ndi amayi ake kukagulitsa nsomba.

"Iwe, ukanagwatu! Katundu wako ali kuti?"

"Ali kutsogoloko," adayankha Salome, akupuma mwabefu.

Lole idakwera pamsewu wa tala n'kuyamba liwiro. Mawa lake kusukulu kudali mayeso, ndipo iye adali atavala diresi la kuntchito ndi masilipasi. Ku Lilongwe sadapiteko chibadwire. M'tauni yonseyo ankadziwamo munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo adalibe pogona.